Kusintha ndi Kukongoletsa Kamutu ka Sitima ka Dizilo Kuti Kafanane ndi Mitu ya pa Njanji ya ku Limbe

Timitu ta sitima toyendera magetsi pa tinjanji ta pathebulo timapangidwa kunja, ndipo tambiri timatengera maonekedwe a sitima za ku America, ku Ulaya kapena ku Brazil. Munthu wa mu Blantyre akapeza kamodzi, kaya wachita kuitanitsa kudzera mwa m'bale wa ku Johannesburg kapena wakatola pa kaunjika wa zidole, amaona msanga kuti n'kokongola koma n'kachilendo. Penti wake amanyezimira, zogwirira zake n'zonenepa mopitirira muyezo, ndipo sikafanana ndi mutu uliwonse umene unatulukapo m'yadi ya ku Limbe. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kukasandutsa kuti kaoneke ngati mutu wa dizilo wogwira ntchito kwathu kuno. Ntchitoyi siilira makina odula, koma imafuna dongosolo, pakuti timitu tambiri timawonongeka chifukwa mwini wake anathamangira kupenta mota ndi mawilo asanaziunike.

Sankhani mutu weniweni umodzi

Musanagwire chida chilichonse, dziwani kaye za kukula kwa njanji. Njanji ya ku Malawi ndi ya mamilimita 1,067 m'lifupi, monga ilili yambiri ya ku Mozambique, Zambia ndi South Africa, pamene ya ku America ndi ya maiko ambiri a ku Ulaya ndi ya mamilimita 1,435. Timitu tofala kwambiri ndi ta sikelo ya HO, imene imachepetsa chinthu chilichonse maulendo 87, ndipo kanjanji kake ka mamilimita 16.5 kamaimira njanji yaikulu ija. Njanji yathu ikachepetsedwa maulendo 87 imatsika kufika pa mamilimita pafupifupi 12.3, n'chifukwa chake ofuna zenizeni amayala kanjanji ka mamilimita 12 ndi kusintha mawilo onse. Imeneyo ndi ntchito ya munthu wozolowera. Woyamba kumene ndimamulangiza kuti asiye kanjanji ka 16.5 momwe kalili, chifukwa diso la woonera limayamba lagwera pa chigoba, pa mtundu wa penti ndi pa fumbi, ndipo ndi ochepa amene amafika poyeza mpata wa pakati pa mawilo.

Sitima inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, ndipo ina mwa mitu ya nthunzi ya masiku amenewo ili panja pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Mitu ya dizilo ya kampani ya AEI ya ku Britain inabwera m'zaka za m'ma 1960, kenako kunabwera ya mtundu wa MX615 yopangidwa ndi Montreal Locomotive Works ku Canada, imene ili ndi mitanda ya mawilo isanu ndi umodzi. Mitu ikuluikulu ya General Electric yokoka malasha a ku Moatize kupita ku Nacala imadzera ku Nkaya ndi ku Liwonde. Pa mitu yonseyi musatenge pang'ono apa pang'ono apo ayi. Sankhani umodzi, wa nambala yake, monga unkaonekera pa nthawi imodzi, ndipo chilichonse chimene mudzachotse kapena kuwonjezera chichokere pa mutu umenewo.

Kamutu koyambira kakhale ka thupi lalifupi ndi lopyapyala. Mitu ya pa njanji zazikulu za ku America ndi yaitali ndi yotakata kuposa yathu, choncho ngakhale mutaipenta bwino imaonekabe yachilendo. Kampani ya Frateschi ya ku Brazil imapanga kamutu ka U20C ka sikelo ya HO, ndipo mutu wa U20C ndi umodzi mwa imene General Electric inapangira njanji zopapatiza ndipo wagwira ntchito ku Mozambique ndi ku South Africa, motero ndi poyambira pabwino.

Pezani zithunzi zinayi kapena kuposerapo: cham'mbali, chakutsogolo, chakumbuyo, ndi cha denga ngati chingapezeke. Mukafuna kujambula nokha pa siteshoni ya Limbe kapena ya Blantyre pafupi ndi Wenela, pemphani chilolezo kwa oyang'anira ndipo musaime pakati pa njanji. Chithunzi cham'mbali chisindikizeni kuti mutuwo utalike chimodzimodzi ndi kamutu kanu, muziike pamodzi pathebulo, ndipo ndi pensulo zungulizani pamene pakusiyana: malo a hutala, kuchuluka kwa zitseko, kutalika kwa thanki ya mafuta, maonekedwe a nyali ndi masitepe. Pepala limeneli ndilo lidzakuuzani ntchito imene ilipo ndi imene muyenera kuisiya.

Zida zambiri mudzazipeza kwa okonza mafoni ndi mawotchi m'misika ya Limbe ndi Blantyre: timasikuludiraiva, kopanira kosongoka, chowotcherera cha nsonga yaing'ono, waya wowotcherera ndi mankhwala a isopropyl alcohol. Onjezerani kampeni kakuthwa kapena lezala, pulayazi ya kamwa yosongoka, timatupa ta zikhadabo ta ku saluni, sandipepala wa manambala 400, 800 ndi 1200, supaguluu, guluu woyera wa akalipentala ndi mswachi wakale. Chovuta kupeza ndi tizitsulo toboolera ta mamilimita 0.3 mpaka 0.5 pamodzi ndi kachogwirira kake kozunguza ndi zala. Muitanitse tambiri nthawi imodzi chifukwa timathyoka mosavuta.

Kayambe kayenda bwino

Ikani kamutu pa kanjanji ndi kukayendetsa musanamasule kanthu. Samalani ndi bokosi loperekera magetsi: magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, pamene mabokosi ochokera ku America anapangidwira mavoti 120 ndipo amapsa mukangowalumikiza popanda thiransifoma. Kamutu ka HO kosakhala ndi zida za DCC (njira yolamulira kamutu kalikonse pakokha pa kanjanji kamodzi) kamayendera magetsi a DC ofika mavoti 12. Mverani kulira kwake. Kakamalira mogogoda molingana ndi kuzungulira kwa mawilo, nthawi zambiri giya ya pa mtanda wa mawilo yang'aluka ndipo iyenera kusinthidwa. Kakamayenda modukiza, vuto limakhala litsiro la pa mawilo kapena timikuwa totengera magetsi ku mawilo.

Pochotsa chigoba yambani ndi zolumikizira mabogi za kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa pa timitu tambiri ndizo zimatsekereza chigobacho. Fufuzani masikuluu pansi, makamaka cha ku thanki ya mafuta. Ngati palibe, ndiye kuti chigobacho chagwidwa ndi timano tam'mbali, ndipo muyenera kuchitambasula pang'onopang'ono, n'kumalowetsa tizidutswa ta khadi lakale la pulasitiki pa dzino lililonse mpaka chasisi chitsike chokha. Musakanule ndi sikuludiraiva, chifukwa chipsera chake penti sadzachibisa. Jambulani ndi foni pa sitepe iliyonse, ndipo masikuluu muwasunge m'mabokosi a machesi olembedwa kumene achokera.

Girisi wakale amauma n'kugwira magiya. Mutsukeni ndi mswachi woviika mu isopropyl alcohol, muumitse, ndipo muike watsopano wochepa kwambiri, wa mtundu wosadya pulasitiki. Oyilo athiridwe ndi nsonga ya singano pa malo ozungulirapo mtanda wa mota ndi mitanda ya mawilo pokha. Mafuta ophikira, oyilo wa galimoto ndi WD-40 zisayandikire, ndipo pa mbali ya mota imene pamakhudza timakala pasagwere oyilo ngakhale pang'ono. Pukutani mawilo ndi kansalu, wongolani timikuwa kuti tizikhudza wilo lililonse, ndipo yezani mpata wa pakati pa misana ya mawilo awiri a mtanda umodzi, umene pa HO uyenera kukhala mamilimita pafupifupi 14.5. Mukatero yendetsani chasisi chopanda chigoba kwa theka la ola kupita kutsogolo ndi theka lina chobwerera. Chikayenda mosalala pa liwiro lotsika, chikulungeni m'nsalu yoyera ndi kuchiika kutali ndi fumbi la ntchito ikubwerayi.

Kuchotsa penti wakale ndi kusema

Chotsani magalasi, hutala, zogwirira ndi nyali, kenako viikani chigoba mu isopropyl alcohol wa mphamvu ya 90 peresenti kapena kuposa, m'kontena yotseka. Pakapita maola angapo yesani ndi mswachi, ndipo bwerezani mpaka penti achoke m'mizere ya zitseko. Ena amagwiritsa ntchito mafuta a mabuleki a galimoto. Amachotsadi penti, koma pulasitiki wina amauma nawo n'kuyamba kuthetheka pambuyo pake, choncho yesani kaye m'kati mwa chigoba. Thinazi wa penti wa galimoto ndi mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo amasungunula pulasitiki nthawi yomweyo. Ngati penti wakale ndi wopyapyala, n'kokwanira kungofufuta malemba ndi mizere ndi sandipepala wonyowa wa 1200.

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni yagona. Opanga amaumbira limodzi ndi chigoba tizogwirira ta pamphuno, ta pazitseko ndi ta padenga, ndipo timaoneka ngati timizere totupa chabe, popanda mpata kuseri kwake. Tisemeni kamodzikamodzi. Mata tepi kuzungulira malowo kuti mpeni ukaterereka usapale mitu ya mabawuti ndi mizere ya zitseko, gonekani lezala chafulati, ndipo palani pang'onopang'ono kusiyana ndi kudula kamodzi. Musanamalize kusema, bayani ndi singano pa nsonga ziwiri za chogwirira chakalecho pamene chizindikiro chake chikuonekabe, chifukwa timaenje timeneti ndito tidzatsogolere kachitsulo koboolera kuti kasasochere. Salazani ndi sandipepala wa 800, kenako wa 1200.

Boolani ndi kachitsulo ka mamilimita 0.35 ngati waya wanu ndi wa 0.3. Kachitsuloko katulukire pang'ono chabe pa chogwirira chake, kazungulitsidwe ndi zala popanda kudinikiza, ndipo muzikatulutsa kawirikawiri kuti zinyenyeswa zichoke. Waya wa mamilimita 0.3 akuimira chitsulo cha mamilimita 26 pa mutu weniweni, ndipo wa 0.4, woyenera zogwirira zazitali zam'mbali, akuimira cha mamilimita 35. Waya wa mkuwa wachikasu ndiye wabwino chifukwa amapindika mosavuta ndipo amawotchereka. Akasowa, nsambo yopyapyala kwambiri ya gitala, imene imakhala ya mamilimita pafupifupi 0.25, imagwira ntchito, ngakhale kuti ndi yolimba ndipo imabunthitsa chodulira. Waya wa m'kati mwa nthambo zamagetsi ndi wofewa kwambiri ndipo amapindika mukangokhudza, choncho musungireni mapaipi a pansi.

Amene anapindapo galimoto za mawaya ali mwana ali nalo kale luso la m'manja lofunika pano, kungoti tsopano zogwirira zonse ziyenera kufanana. Kuti zitero, lembani chizindikiro pa kamwa ya pulayazi pamene m'lifupi mwake mukulingana ndi chogwirira chimene mukufuna, ndipo muzipindira waya pa malo omwewo nthawi zonse. Polowetsa, ikani kachidutswa ka khadi kopyapyala pakati pa waya ndi chigoba kuti mpata ukhale wofanana, dontheza supaguluu m'kati mwa chigoba, osati kunja, ndipo guluu akauma solola khadilo. Nsonga za waya zotulukira m'kati zidulidwe zonse, chifukwa zikatsala zimakhudza mota kapena mawaya a nyali.

Zogwirira zazitali za m'mbali ndi za kumapeto zimafuna kuleza mtima kwambiri. Zambiri zobwera ndi kamutu zimapangidwa ndi pulasitiki woterera amene sagwira guluu kapena penti. Ngati n'zowongoka ndipo sizinanenepe kwambiri, zisiyeni. Mukafuna kupanga zanu, jambulani maonekedwe ake pa thabwa, khomani timapini motsata mzerewo, pindani waya wa 0.4, ndipo muwotcherere timizati tili pathabwa pomwepo, kutali ndi pulasitiki. Palani zotsala za kuwotcherera ndi katupa ndipo tsukani bwino, chifukwa mankhwala othandizira kuwotcherera amatukusira penti.

Tsopano bwererani ku pepala lija. Ngati hutala ili pa malo ena, isunthireni kumene chithunzi chikuonetsa, ndipo bowo lakale litsekedwe ndi kachidutswa ka pulasitiki ndi phala lomatira la okonza galimoto, lopakidwa mopyapyala chifukwa likachuluka limadya pulasitiki ndipo limanyala pouma. Mapaipi a mabuleki a kutsogolo apangeni ndi waya wofewa wa 0.5, wopindidwa molendewera monga akuonekera pachithunzi. Zopukutira magalasi zimachokera ku waya wopyapyala koposa, pamene zotchingira dzuwa za pamawindo ndi chitsulo chokankhira zinthu pa njanji mungazidule ku pulasitiki wopyapyala kapena ku chitini cha zakumwa. Kudula chigoba kuti mufupikitse mphuno kapena thanki n'kotheka ndi sowo ya mano aang'ono, podula motalikirako pang'ono ndi mzere n'kumalizitsa ndi tupa, koma pa kamutu koyamba ndi bwino kusafika pamenepo. M'kachipinda ka dalaivala ikanimo kamunthu kamodzi kapena tiwiri. Ine ndimaona kuti mutu woyenda wopanda munthu m'kati umataya zambiri kuposa mutu wosowa paipi imodzi.

Zolumikizira, nyali ndi kulemera

Zolumikizira za pulasitiki zobwera ndi timitu totchipa n'zazikulu ndipo zimamasuka pa makona. Za kampani ya Kadee za nambala 5 n'zachitsulo, zimafanana ndi za sitima zenizeni, ndipo zimakhalitsa. Pakati pa mutu wa cholumikizira payenera kukhala mamilimita 9.9 kuchokera pamwamba pa kanjanji, ndipo kawaya kake kolendewera kasiye mpata wa mamilimita 0.8 kuti kasakodwe pa mphambano za njanji. Chikatsika kapena kukwera, konzani ndi tizidutswa topyapyala ta pulasitiki pamalo pomangirira. Mabogi anu onse akhale pa msinkhu womwewo.

Mababu akale amatentha mpaka kupinda denga la pulasitiki. Asintheni ndi ma LED oyera mopita ku chikasu, chifukwa oyera mopita ku buluu safanana ndi nyali za mitu yakale. LED iliyonse ikhale ndi resistor (kachida kochepetsa magetsi) ya ma ohm 1,000, apo ayi idzapsa pa mphindi yoyamba. Pentani m'kati mwa chigoba mozungulira nyali ndi penti wakuda kuti kuwala kusatulukire m'pulasitiki.

Ofuna DCC, imene imalola timitu tingapo kuyenda pa kanjanji kamodzi aliyense ndi liwiro lake, aone ngati chasisi chili ndi soketi ya mapini 8 kapena 21. Ikakhalapo, ndi nkhani yongozula chotsekera n'kulowetsa decoder, kachida kolandira malamulo a DCC m'kamutu. Ikasowa, mawaya amatsata mitundu yokhazikika: wofiira ku njanji ya kumanja, wakuda ku ya kumanzere, wa olenji ndi wotuwa ku mota, woyera ku nyali ya kutsogolo, wachikasu ku ya kumbuyo, ndipo wa buluu ndi wobwererapo nyali zonse. Chofunika koposa n'chakuti mota isakhudzane ndi chitsulo cha chasisi kapena ndi mawilo mwa njira ina iliyonse kupatula kudzera mu decoder. Yezani ndi multimeter, chida choyezera magetsi, musanapereke magetsi, chifukwa kulakwitsa apa kumawotcha decoder. Decoder yatsopano imayankha pa adiresi 3, ndipo mukakweza manambala a CV3 ndi CV4, amene ndi makonzedwe a m'kati mwa decoder, kamutu kamanyamuka ndi kuima pang'onopang'ono monga umachitira mutu wokoka katundu wolemera.

Ngati mawilo akuterereka pokoka mabogi, onjezerani kulemera m'thanki ya mafuta ndi tizidutswa ta mtovu tolinganizira mateyala a galimoto, mogawa bwino kutsogolo ndi kumbuyo. Mtovu ndi poizoni, choncho sambani m'manja ndipo ana asauseweretse. Musalemeretse mpaka mawilo kukanika kuzungulira mukakagwira kamutu, chifukwa mota idzapsa.

Kupenta

Tsukani chigoba ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, chiume usiku wonse, ndipo kuyambira pamenepo musachigwirenso ndi manja. Chivekeni pa kathabwa kapena pa waya wopinda kuti mukhale ndi pogwira. Nyengo ya mu Blantyre ili ndi mbali yake pa ntchitoyi. M'miyezi ya mvula, komanso m'masiku a chiperoni a June ndi July, chinyezi chimachititsa penti wopopera kuyera mbuu ndi kuchedwa kuuma. Mu September ndi October vuto ndi fumbi la mphepo, komanso kutentha kumene kumaumitsa penti asanafike pa chigoba n'kusiya thupi la mchengamchenga. Sankhani m'mawa wa tsiku louma lopanda mphepo, poperani pakhonde kapena pamalo popita mpweya mutavala chotchinga pamphuno, ndipo mukangomaliza vundikirani chigobacho ndi kontena yoyera.

Yambani ndi penti woyamba wotuwa, wolembedwa kuti sadya pulasitiki. Khutchumulani chitini kwa mphindi ziwiri, chiimikeni m'madzi ofunda pang'ono, ndipo poperani muli pa mtunda wa masentimita 25, kuyambira kunja kwa chigoba ndi kukathera kunja mbali inayo. Kupopera katatu mopyapyala kumaposa kamodzi kothithikiza, kumene kumakwirira zitseko ndi tizogwirira tonse mwavutikira tija. Penti wotuwayu amaulula chipsera chilichonse, ndipo ino ndiyo nthawi yomatanso ndi kusalaza. Kenako pakani mitundu kuyambira wowala kupita ku wakuda, ndipo mtundu uliwonse uume tsiku lathunthu musanamate tepi. Mphepete mwa tepi ya m'sitolo simukhala mosalala, choncho imateni kaye pa galasi, muidule ndi lezala motsata rula, ndipo mukaimata pa chigoba idinikizeni m'mizere ya zitseko ndi kamtengo kotokosera m'mano. Pakani kaye mtundu wapansi womwewo m'mphepete mwa tepi kuti utseke timipata, kenako mtundu watsopano, ndipo matulani tepiyo penti asanaumiretu, mukuikokera chakumbuyo.

Opanda chopopera asataye mtima. Penti wa acrylic wa Tamiya kapena Vallejo, kapenanso wa enamel wa Humbrol, amapakika ndi burashi yofewa yafulati ngati wasungunulidwa bwino n'kupakidwa kangapo. Mtundu muuyerekeze ndi chithunzi muli panja masana, ndipo muuwalitseko pang'ono ndi penti woyera, chifukwa chinthu chaching'ono chimaoneka chakuda kuposa chachikulu ndiponso dzuwa la kuno limasuwitsa penti wa mitu yathu.

Manambala ndi malemba amabwera ndi ma decal (zilembo zomata za papepala) oviika m'madzi, amene mungasindikize nokha pa pepala lake lapadera, pokumbukira kuti makina osindikizira wamba satulutsa mtundu woyera. Decal imagwira bwino pa malo onyezimira okha, motero pakani kaye vanishi wonyezimira. Iviikeni m'madzi ofunda kwa masekondi ochepa, itsetsereni pamalo pake ndi burashi, finyani madzi ndi kathonje, ndipo mankhwala a Micro Sol adzaifewetsa kuti ilowe m'mizere. Ikachita makwinya musaikhudze, imawongoka yokha pouma. Tsiku lotsatira phimbani zonse ndi vanishi wosanyezimira. Magalasi abwezeredwe pambuyo pa vanishi, ndipo amatidwe ndi guluu woyera wa akalipentala, chifukwa nthunzi ya supaguluu imawachititsa khungu losachoka.

Fumbi, mwaye ndi dzimbiri

Mutu wogwira ntchito sudetsedwa mwachisawawa. Litsiro lililonse lili ndi kochokera ndi kolowera, ndipo mukamvetsa zimenezi dzanja lanu silidzasochera. Fumbi limachokera pansi, choncho limachuluka pa zonyamulira mawilo, pa thanki ndi pa masitepe, n'kumachepa pokwera. Mwaye umatuluka pa ekizozi n'kugona padenga, makamaka mozungulira potulukirapo ndi pa mafani a rediyeta. Mvula imatsitsa zonsezi m'mizere yowongoka kuchokera padenga. Oyilo amatulukira pansi pa zitseko za injini, dizilo amatayikira pa kamwa ya thanki n'kusiya banga lakuda lonyezimira pamene fumbi limakakamira, ndipo dzimbiri limakhala pa zolumikizira, pa mabuleki ndi pamene penti wakhuluka chifukwa cha nsapato za ogwira ntchito.

Yambani ndi penti wa mafuta wa ojambula zithunzi, wakuda wosakaniza ndi wa khofi, wosungunulidwa kwambiri ndi white spirit, mankhwala osungunulira penti wa mafuta. Khudzitsani nsonga ya burashi pa mzere wa chitseko kapena pa zisefa za mpweya, ndipo pentiyo adzayenderera yekha m'mizeremo. Pakapita mphindi khumi, pukutani wotsala ndi burashi yonyowa pang'ono, mukutsitsa kuchokera kumwamba nthawi zonse. Njira imeneyi imafuna kuti pansi pakhale vanishi wa acrylic wouma bwino, chifukwa white spirit amafewetsa penti wa enamel.

Fumbi lipangeni ndi choko cha ojambula cha pastel chopalidwa pa sandipepala. Sakanizani chofiirira, cha khofi ndi chachikasu pang'ono mpaka mupeze mtundu wa katondo wa kuno ku mapiri. Dothi lenileni lingakuthandizeni kuyerekeza mtundu, koma lisapakidwe pa kamutu chifukwa mchenga wake umadya magiya ndipo tizitsulo take timakokedwa ndi maginito a mota. Pakani ufawo ndi burashi yofewa yodzolera kumaso, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndi wakuda padenga. Ngati mutu wanu ndi wokoka malasha, fumbi lake lipite ku mtundu wotuwa ndi wakuda. Mukapaka pang'ono, imikani kamutu pambali pa chithunzi, bwererani mmbuyo mita imodzi ndi kuyang'ana, pakuti kuwonjezera n'kosavuta koma kuchotsa n'kovuta. Vanishi wosanyezimira wopopedwa chapatali amagwiriziza ufawo, ngakhale kuti amauzimitsako ndipo mwina mudzafunika kubwereza. Banga la dizilo ndi la oyilo liikeni pomaliza ndi kadontho ka vanishi wonyezimira wosakaniza ndi penti wakuda. Magalasi atchingeni, kapena siyani fumbi lochepa m'mphepete kunja kwa pamene zopukutira zimadutsa. Zolumikizira zipakeni ufa wouma wa mtundu wa dzimbiri basi, chifukwa penti amaziumitsa n'kulephera kutseguka.

Pobwezera chigoba, sonkhanitsani mawaya ndi katepi kuti asakhudze mtanda wa mota, ndipo masikuluu amangidwe mongokwanira. Pukutaninso popondera pa mawilo ndi isopropyl alcohol mpaka kansalu katuluke koyera. Yendetsani kamutu kokha pa kona yothina kwambiri ya kanjanji kanu mbali zonse ziwiri, mukuyang'ana ngati mapaipi, masitepe kapena chitsulo cha kutsogolo zikugunda zonyamulira mawilo kapena njanji, kenako kamangirireni mabogi ndi kubwereza. Pokanyamula gwirani pa thanki ya mafuta, osati pa zogwirira, ndipo posunga kaikeni m'bokosi lotseka muli timapaketi toyamwa chinyezi tobwera m'mabokosi a nsapato, kutali ndi windo lolowa dzuwa.